Amene Anatsala pa Thandala la Mbalame

Uvuni uwu ufunika kuusonkhezera mpaka mawa, ndiye nthawi tili nayo. Mwakhala mukundifunsa chimene ndinathawira kunyanja yamchere nditangogwirako nyengo imodzi, pomwe ena amathako zaka. Sendezani njerwa mwakhalirazo kuno, utsi ukupita uko. Ndikuuzani, koma musandidule mawu.

Ine ndinali ndi achimwene anga, a Elifala. Kwa amayi athu tinabadwa awiri okha, kwathu ku Ntcheu. Anali munthu wosalankhulalankhula koma wokonda mluzu. Akamalima, akamakonza njinga, mluzu unali pakamwa, nyimbo yake imodzimodzi, ya kwaya ya kwathu. Anali ndi mnzawo wa pamtima, a Gelesomu, amene anakula nawo limodzi kubusa. Awiriwa ananyamuka kukafuna ntchito kunja. Anapitirira Joni mpaka kukafika kumene mchenga wa chipululu umathera m'nyanja.

Patatha zaka ziwiri a Gelesomu anabwera okha. Anakhala pakhonde pa amayi, chipewa chili pabondo, n'kunena kuti achimwene anapeza mkazi wa kumeneko ndipo anapita naye kosadziwika.

"Ndinayesa kuwaletsa, amayi. Ananditukwana."

Amayi sanalire. Anangonena kuti dzina limenelo lisamvekenso pakhomo pawo, ndipo mpaka kumwalira kwawo sanalitchulenso. Akazi awo a achimwene, a Nangozo, anadikira chaka chimodzi kenako anakwatiwa ndi a Gelesomu omwewo. Anthu anayamikira, amvekere bwenzi lenileni ndi limeneli, lasamala banja la mtchona. Inenso ndinkatero. Ndinayamba kuwaitana kuti achimwene.

Iwo ankapitabe kunyanjako chaka ndi chaka. Zitakwana zaka zisanu ndi chimodzi anandipeza kumunda. Anali atawonda, maso ali psuu ngati munthu wosagona.

"Tobiyasi mphwanga, khasuli likutha msana. Tiye ukaone ntchito. Ndine kapitawo tsopano."

Ndinawauza kuti ndilibe mapepala ogwirira ntchito kunja.

"Dzina la mkulu wako likadali m'buku la kampani. Uzikangoyankhira dzina limenelo. Nkhope ndi yomweyo, afunse ndani?"

Tsiku lonyamuka anandipatsa jekete yakuda yokhuthala. Ndinaizindikira, inali ya achimwene a Elifala.

"Anaisiya pothawa," iwo anatero. "Kumazizira kumeneko. Vala."

Kumeneko kuli chinthu chovuta kuchimvetsa usanachione. Pakati pa madzi, kutali moti gombe limaoneka ngati ulusi, anthu akalekale anazika mizati ya mitengo ikuluikulu n'kuyalapo matabwa. Ndi thandala lalikulu kuposa mabwalo awiri a mpira. Sanamangire anthu, anamangira mbalame. Zimabwera zambirimbiri, zakuda ngati mphipi za kunyanja ya dziko lathu lino, kudzamanga zisa, kuikira ndi kuswa. Zikachoka ndi ana awo zimasiya zitosi zofika m'mawondo, zouma gwa. Ntchito yathu inali kuswa zitosizo ndi mapiki n'kuthira m'matumba, boti n'kumatutira kumtunda kukagulitsa ngati feteleza. Tinkagona pomwepo miyezi iwiri, m'kanyumba kamalata pakona. Mbalame zikayamba kubwerera aliyense ankayenera kuchoka, ndipo lamulo linali lakuti boti lisayandikirenso mpaka anapiye atauluka. Imeneyo ndi miyezi yambiri.

Tinalipo amuna khumi ndi awiri. Wophika anali bambo wachikulire wa ku Angonia, a Zuze, olankhula chilankhulo chathu chomwechi. Nditakwera makwerero tsiku loyamba, ndinawapeza atanyamula ketulo. Atandiona, ketuloyo inapendekeka, madzi otentha n'kumathira pa nsapato zawo, iwo osamva.

"Ndi mng'ono wake, a Zuze," anatero a Gelesomu mofulumira.

"Ndaona," anayankha, maso ali pa jekete.

M'mawa uliwonse a Gelesomu ankaitana mayina. Akati "Elifala," ine ndinkati "Ndilipo." Nthawi iliyonse ndikatero, a Zuze ankatembenukira kumoto.

Sabata yoyamba supuni yanga inasowa. Kenako chipeso. Kenako chingwe cha nsapato yakumanzere, chosololedwa bwinobwino nsapato ili pansi pa bedi langa. Anzanga sankasowa kanthu. Ndinaganiza kuti ndi masewera olandirira mlendo, ndipo sindinafunse.

Kumeneko nkhungu imagwa m'mawa uliwonse mpaka dzuwa litafika paliwombo, yokhuthala moti mnzako ali apo umangomva piki yake. Munali mu nkhungu imeneyo m'mene ndinayamba kumva kugogoda pansi pa matabwa. Go, go, go. Ena anati ndi mafunde akumenyetsa thabwa lomasuka. Koma ndikamayenda ndi wilibala, kugogodako kunkayenda nane, pansi penipeni pa mapazi anga. Ndikaima, kunkaima. Tsiku lina mnzanga amene tinkasinthana wilibala anaima n'kumvetsera, n'kundiyang'ana, n'kupita kukapempha kuti amusinthe mzere. Kuyambira pamenepo ndinkagwira ndekha.

Pakona ya kumpoto panali mbalame zina, mwina makumi atatu, zimene sizinachoke ndi zinzake. Zitosi pamenepo zinali zokwera kuposa paliponse, koma a Gelesomu sankatumako munthu, ndipo iwo eni sankapondako. Mbalame zimenezi ndi zaphokoso, zimalira ngati nkhumba. Koma izi zinali duu. Ndikamadutsa chapatali, zonse zinkatembenuza makosi n'kumanditsatira ndi maso mpaka nditapitirira. Wina akadutsa sizinkasamala.

Tili m'sabata yachisanu ndi chiwiri, tinaima panja pa kanyumba kuyankha mayina, makapu a tiyi ali m'manja. Ine ndinali nditangoluma buledi.

"Elifala."

"Ndilipo."

Onse anandiyang'ana. Masaya anga anali otupa ndi buledi, pakamwa pali potseka. Mawuwo anachokera chapansi, osakweza, ngati munthu wotopa. A Gelesomu anatseka buku osamaliza mayina otsalawo. Anayesa kubweza bolopeni m'thumba la malaya katatu konse, ikuphonya.

"Tiyeni kuntchito," anatero.

Tsiku lomwelo, nkhungu isanayere, ndinamva mluzu. Munthu ukhoza kuiwala nkhope ya m'bale wako, koma mluzu wake suiwalika. Achimwene anali ndi pamene ankapumira pakati pa nyimbo ija, pamalo olakwika, ndipo mluzu uwu unapumira pomwepo. Ndinasiya piki n'kuutsatira. Unanditsogolera kukona ya kumpoto. Mbalame zija sizinauluke. Zinangosendera uku ndi uku n'kusiya kanjira.

Zisa zake zimamangidwa ndi udzu wa m'nyanja, nthenga ndi zidutswa za zingwe. Koma izi zinali zolukidwa ndi nsanza, nsalu ya malaya ya mizere yobiriwira, yotuwa ndi dzuwa. M'chisa china chopanda mbalame munali supuni yanga, chipeso changa ndi chingwe cha nsapato, zoyalidwa bwino ngati waika ndi munthu. Pambali pake panali chitsulo cha lamba. Lamba ameneyo ndinagula ndine, pa ukwati wawo ndi a Nangozo.

Ndinagwada n'kupala zitosi ndi manja. Pa thabwa panali mizere yokandidwa ndi msomali, yoyandikana. Yoyambirira inali yakuya ndi yowongoka. Yakumapeto inali yokhotakhota, yongooneka pang'ono. Ndinawerenga mizere khumi ndi isanu ndi inayi. M'mphepete munali kachitini kadzimbiri kokhomeredwa pansi pa kalata kopindidwa, monga angachitire munthu wofuna kutchera madzi a nkhungu.

Ndinapita kukhitchini. A Zuze anali kupala nsomba.

"A Zuze, achimwene anga anathawa ndi mkazi uti?"

Mpeni unaima. Anayang'ana pakhomo kaye.

"Mkazi, mwanawe? Pano wamuona mkazi?"

Ndinawaonetsa chitsulo cha lamba chija. Anapukuta manja n'kuyamba kufotokoza.

"Linali tsiku lotseka. Nkhungu ngati ya leroyi. Mkulu wako anatumidwa pansi pa thandala kukamasula paipi ya pampu. Titakwera boti ndinafunsa kuti Elifala ali kuti. Gelesomu anati wapita ndi boti la m'mawa, la matumba. Injini italira ndinamva mluzu. Ndinaumva bwinobwino. Ndinamuyang'ana Gelesomu, iye n'kuyang'ana m'madzi. Ine ndinali mlendo, wopanda mapepala ngati iwe. Ndinakhala chete."

"Kumtunda simunafunse?"

"Ndinafunsa. Ndi pamene inabadwa nkhani ya mkazi. Ndinaivomera chifukwa ndinkafuna kuti ikhale yoona. Chaka chinacho titabwera, makwerero otsikira pansi tinawapeza atagonekedwa pamwamba, chitseko chake chokhomedwa. Munthu sitinam'peze."

Ndinakhala pa thumba la ufa.

"Sagona Gelesomu," anapitiriza. "Chaka chatha ndinamumva ataima chapatali ndi kona ija, akulankhula, akulonjeza."

"Akulonjeza chiyani?"

"Sindinamve zonse. Koma nditakuona ukukwera makwerero utavala jekete imeneyo, ndinamva zotsalazo. Tsiku lotseka usatsike pansi, ngakhale atakutuma ndani."

Masana amenewo a Gelesomu anakhala pambali panga monga mwa masiku onse. Anachotsa mutu wa nsomba m'mbale yawo n'kuika mwanga.

"Idya mphwanga, wawonda."

Ndinadya. Ndikanatani? Kumanja madzi, kumanzere madzi, boti lobwera patatha masiku asanu ndi anayi. Ndinkayang'ana dzanja lawo likutema nsomba n'kumakumbukira kuti ndi dzanja lomwelo limene linandigwira paphewa pamanda a amayi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkada m'bale wanga. Ndinkauza anthu kuti ndilibe mkulu. Pomwe ine ndinkatero, iwo anali atakanda mizere yawo pa thabwa, akuyang'ana kumene kumachokera boti, akukhulupirira kuti mnzawo akumbuka.

Jekete ija ndinkafuna kuivula, koma ndinaopa kuti adziwa kuti ndadziwa.

Mbalame zinabwerera msanga chaka chimenecho. Kutatsala masiku awiri zinayamba kuzungulira m'mwamba, mizeremizere, osatera. Tsiku lotseka kunacha ndi nkhungu yoti dzanja lako osaliona. Tinalongedza. Ine ndinali nditatsimikiza kuti sindichoka pakati pa anthu. Ndinali nditanyamula chikwama kupita kumakwerero a boti pamene a Gelesomu anatulukira akuthamanga, akupuma mwabefu.

"Tobiyasi, a Zuze aterereka pansi pa pampu, mwendo wapanikizika. Tsika ukawagwire mutu usalowe m'madzi, ine ndikatenge chingwe."

Mukhoza kundiseka. Ndinachenjezedwa. Koma anatchula munthu yekhayo amene anandichitira chifundo pamalopo, ndipo miyendo inathamanga mutu usanaganize. Ndinatsika.

Pansi pake pali kathabwa kamodzi koyendapo, madzi ali pafupi. Ndinaitana a Zuze. Palibe. Nditatembenuka, makwerero anali akukwera okha m'mwamba, ndipo chitseko chinagwa. Ndinamva chitsulo chotsekera chikulowa. Kudzera m'mipata ya matabwa ndinkaona zidendene za nsapato zawo. Analankhula, koma osati kwa ine.

"Ndi uyu. Dzina ndi lako, jekete ndi yako, magazi ndi ako. Ukhale naye. Ine undileke."

"Achimwene," ndinaitana. "Achimwene a Gelesomu, ndakulakwirani chiyani?"

Nsapato zija zinaima pang'ono, kenako zinachoka.

Nthawi yomweyo mbalame zinayamba kutera. Phokoso lake linali ngati matalala padenga, kuphatikiza kulira kwake, moti ndinkakuwa koma mawu anga ine ndemwe osawamva. Madzi ankakwera. Anafika m'mapazi, ozizira ngati akuluma. Mizati inali yoterera, yomera tinkhono takuthwa. Ndinayesa kukwera umodzi, ndinangong'ambika manja. Chapatali ndinamva injini ya boti ikulira.

Ndiye kugogoda kuja kunayamba, kuchokera kumdima wa pakati pa mizati, mzati ndi mzati, kukuyandikira. Kunafika pa mzati umene ndinatsamira n'kusiya. Kathabwa kamene ndinaimapo kanatsika pang'ono, monga kamachitira wina akapondapo. Kuseri kwa fungo la nsomba ndi zitosi ndinamva kafungo ka mafuta a njinga.

Sindinacheuke. Mpaka lero ndimathokoza kuti sindinacheuke.

"Achimwene," ndinatero, mano akugundana, "ndine Tobiyasi. Ndinakhulupirira bodza. Ndikhululukireni."

Panapita kanthawi. Kenako mluzu unamveka, osati kumbuyo koma kutsogolo kwanga, chapansipansi. Unasendera patsogolo n'kudikira. Ndinautsatira, ndikukwawa pa mitanda yolumikiza mizati, mafunde akundimenya m'nthiti. Ndikatsalira unkaima. Unandifikitsa pa mzati wina n'kuleka. Nditapapasa, zala zinalowa m'kamphako. Pamwamba pake panali kena, ndi kena. Wina anasema popondapo pa mzatiwo ndi kampeni, kalekale, mpaka pamwamba. Sindidziwa kuti zinawatengera masiku angati, ataima m'madzi amenewo.

Ndinakwera. Pamwamba thabwa limodzi linali lozuka kale. Ndinalikankha ndi mutu n'kutulukira pakona ya kumpoto, pakati pa zisa zija.

Thandala lonse linali lakuda bii ndi mbalame. Ndinayenda pakati pake, zikundipatsa njira. Nditafika kumakwerero a boti ndinapeza boti likadalipo, injini ikulira, woyendetsa akukalipa. A Zuze anali atakhala pa makwerero, manja atakolowetsa m'chitsulo.

"Ndinakhala chete kamodzi," ankatero. "Lero sindikwera mpaka ndimuone ndi maso angawa. Mukafuna mundidule manja."

A Gelesomu anali pansi m'boti, akuwakoka mwendo. Ndiwo anayamba kundiona. Anasiya mwendowo. Koma maso awo sanali pa ine, anali kumbuyo kwanga, chapamwamba pa phewa. Anabwerera chambuyo n'kukhala pa benchi.

Tonse titalowa, woyendetsa anati kapitawo awerenge anthu. Anawerenga ndi chala n'kupeza khumi ndi atatu. Anabwereza, khumi ndi atatu. Woyendetsa anawerenga yekha n'kupeza khumi ndi awiri, ndipo tinanyamuka. Boti linali lodzaza, ena anakhala pa zikwama, koma pambali pa a Gelesomu panali malo a munthu mmodzi, ndipo palibe anafuna kukhalapo. Ulendo wonse anali atapanikizira phewa kukhoma la boti.

Titafika kumtunda a Gelesomu anatsika osatenga chikwama chawo. Ankayenda m'mphepete mwenimweni mwa msewu, ngati akupatsa wina malo. Ine ndi a Zuze tinakanena ku ofesi ya kampani, tikudziwa kuti tikudziulula tokha za mapepala. Analemba zonse. Pomwe ankatuma anthu kukawafuna a Gelesomu, anali atapita. Ndinamvapo kuti ena anawaona pamadoko a kumwera, akuyenda wapansi, akulankhula chakumbali. Kwathu sanabwerenso.

Ndinafika kumudzi masana. Ndisanapite kwanga ndinadzera kwa a Nangozo, poti ndinaona kuti ndiwo oyenera kumva poyamba. Njira yonse ndinkasankha mawu oti ndisawapweteke nawo. Ndinawapeza pakhonde akutonola chimanga. Atandiona, chitsononkho chinagwa m'manja.

"Mwabwera ndinu?"

Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, za mizere, za kachitini, za makwerero. Sanafunse funso ngakhale limodzi. Nditanena kuti achimwene anafera pa thandala, manja awo anapitiriza kutonola.

"Alamu," ndinatero, "simukudabwa."

Anaponya chitsononkho pambali.

"A Gelesomu anandiuza titabereka mwana woyamba," anatero. "Padenga pano pankatera zinthu. Kuno kulibe nyanja, koma kukacha malata ankanunkha nsomba. Ndinawapanikiza mpaka anaulula."

"Mwana woyamba. Amayi anali moyo nthawi imeneyo."

"Anali moyo."

"Munkawaphikira phala akudwala. Anapita akuganiza kuti mwana wawo anawataya, inu muli pambali pa mphasa."

"Ndikanati chiyani, alamu? Kuti ndakwatiwa ndi amene anapha mwana wanu?"

"Nanga za ine?"

Anayang'ana m'lichero.

"Ana anayamba kudwala, wina akachira wina wagona. Sing'anga anati wakufayo ali yekha, akufuna wa magazi ake."

"Ndiye munkadziwa kumene ndinkapita."

"Ndili ndi ana, alamu."

"Ine ndilibe?"

Wanga anali akukwawa nthawi imeneyo. Iwo ndi amene anam'sambitsa tsiku lobadwa.

Ndinaimirira. Nditafika pa mpanda anandiitana, mawu ali pansi.

"Alamu, poti mwaonana nawo, anati chiyani? Atisiya tsopano?"

"Mudzawafunse nokha," ndinatero. "Njira ya kuno akuidziwa."

Sabata yotsatira ine ndi amalume tinakumba manda n'kuikamo thunthu la nthochi, monga timachitira mtembo ukasowa. Mudzi wonse unabwera, kwaya inaimba. A Nangozo anatseka chitseko tsiku lonse. Mwezi usanathe anasamuka ndi ana awo m'mamawa, osatsanzika munthu, n'kusiya mipando ndi mbale momwemo.

Nyumbayo ikadalipo, pafupi ndi chigayo. Malata ake ndi abwino, ogulidwa ku Joni. Mudzi wathu ndi wa anthu osauka, ena amagona m'nyumba zodontha, koma mpaka lero palibe amene anapita kukazulapo ngakhale limodzi.